Beni wa ku Chipoka ndi Mtsikana wa Imvi wa ku China

Pali funso limene anthu okonda zisudzo m'tauni muno amalizemba nthawi zonse. Kodi ife Amalawi tili nalo sewero loyimba lathulathu, lija anzathu amati opera, kapena tinangoima pa zisudzo zolankhula za mu holo ndi za pa wailesi basi? Ena amayankha msanga kuti opera ndi za azungu onenepa okuwa m'Chitaliyana. Ena amati ayi, gule wathu yense ndi opera kale, palibe chofunanso. Mayankho onse awiriwa ndi aulesi. Ine ndikuti zipangizo tili nazo, ndipo malo amodzi pomwe zinaunjikana ndi ku Chipoka m'boma la Salima. Chimene chikutisowa ndi kamangidwe ka sewero lotere, komanso kugwirizana pa nkhani ya munthu woyenera kulamula mathero ake.

Tiyambire kunyanja konko. Chipoka ndi doko. Njanji yochokera ku Blantyre inadutsa pamenepo pa ulendo wake wa ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo kwa zaka zambiri anthu ndi katundu ankatsika sitima ya pamtunda n'kukwera ya pamadzi pomwepo. Malo otere amalandira zambiri kuposa matumba a mchere. Ayao ndi Achewa akhala akusakanikirana m'derali, aliyense ndi ng'oma zake, ndipo mmodzi wa magule amene anakhazikika m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Salima mpaka ku Mangochi ndi beni.

Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger, m'buku lake la 1975, analondola mapazi a beni mpaka ku matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa cha m'ma 1890. Dzinalo linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la asilikali oyimba malipenga. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali a KAR ndi amtengatenga anabwera naye guleyu kumudzi. Ovina amavala ngati asilikali, ali ndi maudindo awo, wina amaliza wenzulo, ena amanyamula ndodo ngati mfuti, ndipo magulu amapikisana. Kwa Atonga ndi ku Likoma mbale wake ndi malipenga, momwe gulu limatchedwa boma ndipo limakhala ndi mfumu yake, dokotala ndi namwino. Ku migodi ya Copperbelt kunali kalela, amene Clyde Mitchell anamulemba mu 1956.

Taonani tsono zimene beni ali nazo kale: zovala, maudindo, gulu lovomera nyimbo, ng'oma, ndi luso lija lomuseka bwana uku ukumutsanzira, iye n'kumaganiza kuti ukumulemekeza. Chimene alibe ndi nkhani yoyenda kuchokera pachiyambi kukafika kumapeto, ndi liwu la munthu mmodzi amene zamuthina. Ziwirizi zili mu nthano. Agogo akamasimba za mwana wamasiye, pofika pamene mwanayo wasowa pogwira, amasiya kulankhula n'kuyamba kuyimba, ife omvera n'kumavomera. Gule wamkulu naye ali ndi chake: munthu akangoona Chadzunda, Maliya kapena Simoni atulukira, amadziwa khalidwe lake asanaponde n'kawiri komwe. Amene anapitako ku Mua, kufupi ndi Mtakataka, komwe bambo Claude Boucher anakhazikitsa Kungoni mu 1976, anaona kuchuluka kwa nkhope zimenezi. Zonsezi zili m'dera limodzi, koma sizinakumanepo m'sewero limodzi lalitali.

Opera ya azungu nayo inayamba ndi anthu osonkhanitsa zinthu zomwe zinali padera. Mu mzinda wa Florence, cha m'ma 1570 ndi 1580, kagulu ka anthu ophunzira kankakumana kunyumba kwa Giovanni de' Bardi. Mmodzi mwa iwo anali Vincenzo Galilei, bambo ake a Galileo uja wa nyenyezi. Iwowa ankakhulupirira kuti Agiriki akale ankayimba zisudzo zawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye anafuna njira yoti munthu mmodzi aziyimba ngati akulankhula, mawu onse n'kumamveka. M'maganizo amenewa munatuluka Dafne, sewero la Jacopo Peri la cha mu 1598, limene nyimbo zake zambiri zinasowa. Lotsatira lake, Euridice, linaseweredwa mu 1600 ndipo lilipobe. Claudio Monteverdi anabwera ndi L'Orfeo ku Mantua mu 1607, ndipo mu 1637 ku Venice kunatsegulidwa holo yoyamba yomwe munthu wamba ankalowa atalipira pakhomo. Pang'ono ndi pang'ono kamangidwe kanakhazikika: pali kuyimba kolankhula kumene kumayendetsa nkhani, pali nyimbo yeniyeni pamene nkhani imaima kuti munthu atulutse za mumtima, ndiye pali gulu lovomera. Agogo athu a nthano sakanadabwa nazo zimenezi.

Koma pali kanthu kena pa Euridice komwe awerengi asakaiwale. M'nthano ya Agiriki, Orfeo amapita kumanda kukatenga mkazi wake, n'kumutayanso kachiwiri chifukwa chocheuka. Sewero la 1600 linakonzedwera ukwati wa Maria de' Medici ndi mfumu Henry IV ya ku France, ndipo paukwati wa mfumu simungaonetse mwamuna akutaya mkazi. Wolemba mawu, Ottavio Rinuccini, anasintha mathero: Orfeo akubwera naye mkazi wake bwinobwino, onse akusangalala. Opera yakale kwambiri imene tili nayo lero inabadwa mathero ake atapindidwa kale kuti akondweretse mwini phwando.

Ku China masewero oyimba ndi akale kuposa pamenepa. Mtundu wotchuka wa ku Beijing unayamba kuumbika mu 1790, pamene magulu a ku Anhui anabwera kudzasangalatsa mfumu Qianlong itakwanitsa zaka 80. Kumeneko nkhope yopakidwa zofiira imatanthauza munthu wokhulupirika, yoyera ndi kathyali, ndipo wosewera akanyamula chikwapu ndiye kuti wakwera kavalo. Mchewa wozolowera kuwerenga nkhope za gule sangavutike nazo. Koma mu May 1942, ku Yan'an, Mao Zedong anauza alembi ndi oyimba kuti luso liyenera kutumikira ogwira ntchito, alimi ndi asilikali, ndiponso kuti azitenga magule a kumudzi n'kuwapatsa uthenga watsopano. Chipatso chachikulu cha lamuloli chinali Bai Mao Nü, kutanthauza Mtsikana wa Imvi, lomwe analemba He Jingzhi ndi Ding Yi, nyimbo zake n'kukonzedwa ndi Ma Ke ndi anzake. Linaonetsedwa mu April 1945 kwa nthumwi za msonkhano waukulu wachisanu ndi chiwiri wa chipani cha Komyunizimu.

Seweroli lili ndi zigawo zisanu, ndipo kamangidwe kake n'koyenera kukaphunzira. Gawo loyamba likuchitika usiku wolowera chaka chatsopano. Mlimi wosauka, Yang Bailao, wakhala akubisala kuthawa ngongole, ndipo akubwera kunyumba atanyamula ufa pang'ono ndi kachingwe kofiira komangira tsitsi la mwana wake Xi'er. Usiku womwewo akuitanidwa kwa mwini munda, Huang Shiren, komwe kapitawo akumugwira dzanja n'kumudinditsa chala pa kalata yopereka mwanayo m'malo mwa ngongole. Bamboyo akubwerera, sakutha kumuuza mwana wake, ndipo akudzipha pomwa madzi a mchere oopsa aja opangira chakudya cha soya. Gawo lachiwiri Xi'er ndi kapolo m'nyumba ya Huang, bwenzi lake Dachun wathawa kukalowa usilikali, ndipo Huang akumugwirira. Gawo lachitatu ali ndi pakati, wamva kuti akufuna kumugulitsa, ndipo mayi wina wantchito akumuthandiza kuthawa. Gawo lachinayi papita zaka. Iye akukhala kuphanga, tsitsi layera mbuu chifukwa chosowa dzuwa ndi mchere, ndipo amadya nsembe zimene anthu amasiya m'kachisi. Anthu a m'mudzi akamuona usiku amati ndi mzimu. Gawo lachisanu asilikali a chipani afika, Dachun akumulondola mpaka kuphanga, akumuzindikira, ndipo mudzi wonse ukusonkhana kuzenga mlandu wa Huang.

Mphamvu ya seweroli ili m'zigawo zinayi zoyambazo, ndipo ili pa zinthu zing'onozing'ono. Olemba sanayambe ndi chiphunzitso cha za minda. Anayamba ndi kachingwe kotchipa kamene bambo wosauka wakwanitsa kugula, ndipo pamene chala chikudinda pakalata woonera amakumbukira kachingwe kaja. Nyimbo anaziika pamene munthu sangathe kulankhula: bambo akuyang'ana mwana wake ali m'tulo, mtsikana ali yekha m'mphepete mwa mtsinje. Maimbidwe ake anawatenga ku nyimbo za kumudzi za kumpoto kwa China, kotero mlimi woonera ankamva ngati akuyimba ndi mnansi wake. Ndipo mzimu uja unachokera m'mphekesera zenizeni za anthu a ku Hebei. Olemba sanawanyoze anthuwo chifukwa chokhulupirira mizimu. Anangowaonetsa kuti chimene akuchigwadiracho ndi mwana wa mnzawo amene iwo omwe analephera kumuteteza. Pamenepa ndi pamene gulu lovomera likugwira ntchito yeniyeni, poti nalo lili ndi mlandu. Zimasimbidwa kuti asilikali ena poonera ankapsa mtima mpaka kufuna kuwombera wosewera mbali ya Huang.

Gawo lachisanu ndi lofooka, ndipo kufooka kwake n'kwa dala. Mtsikana amene wadzisunga yekha zaka zonsezi sakudzipulumutsa. Chipulumutso chikuchokera kunja, chitavala yunifolomu. Huang naye sapatsidwa nyimbo ngakhale imodzi yoti timuone ngati munthu. Mbiri ya seweroli imanena kuti poyamba Huang sankaphedwa, koma akuluakulu a chipani ataonera anatumiza mawu oti munthu wotere ayenera kuwomberedwa, ndipo olemba anasintha. Zaka zotsatira, pamene minda inkalandidwa n'kugawidwa, seweroli linkaonetsedwa m'midzi pofuna kutenthetsa mitima, ndipo eni minda ambirimbiri anaphedwadi pa misonkhano yofanana ndi ya m'gawo lachisanu ija.

Sizinathere pomwepo. Mu 1965 ku Shanghai nkhaniyi anaisandutsa sewero lovina, ndipo m'nyengo ya chipwirikiti cha chikhalidwe, 1966 mpaka 1976, linakhala limodzi la masewero asanu ndi atatu achitsanzo amene Jiang Qing, mkazi wa Mao, ankawayang'anira. Tamvani zimene anachotsa. Bambo uja sakudziphanso, poti mlimi wa chipani sangataye mtima. Akumenyana ndi adani mpaka kuphedwa. Mtsikana sakugwiriridwa, alibe pakati, ndipo pomaliza akulandira mfuti. Mu 1968 Yu Huiyong analemba lamulo loti pakati pa anthu onse a m'sewero aoneke kwambiri abwino, pakati pa abwino zioneke ngwazi, pakati pa ngwazi ioneke ngwazi yaikulu. Ngakhale nyali za pansanja zinkatsata lamuloli: ngwazi pakati powala, mdani pakona pamdima atawerama. Mavinidwe anali okongola zedi, koma chikomekome cha nkhuyu. Manyazi a bambo wogulitsa mwana wake, amene anali mtima wa sewero la 1945, anali atachotsedwa.

Wina anena kuti za ku China zikutikhudza bwanji ife, poti m'masiku amenewo dziko lino silinkayang'anana ndi Beijing. N'zoona. Imodzi mwa nkhani zimene zinagawanitsa nduna mu 1964 inali ya ndalama zokwana mapaundi 18 miliyoni zomwe China inalonjeza ngati Malawi angaizindikire. Kanyama Chiume ndi anzake ankafuna, Dr Banda anakana, ndipo kuyambira 1966 ubale wathu unali ndi Taiwan mpaka kumapeto kwa 2007. Masewero a Jiang Qing sakanadutsa pa bungwe lounika mabuku ndi zisudzo lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Komatu njira yake tinaitsata osaonera. Chimtali ndi chiwoda, magule amene amayi ankadzudzulira amuna oledzera ndi apongozi ovuta, anavekedwa nsalu ya nkhope ya Ngwazi n'kupatsidwa mawu atsopano. Pa 6 July ku Kamuzu Stadium, kapena pa maulendo oyendera mbewu, boma lililonse linkabwera ndi gule wake, ndipo magule onsewo nkhani yake inali imodzi: kale tinali mumdima, anabwera munthu mmodzi, lero tili pabwino. Limeneli ndi gawo lachisanu la Mtsikana wa Imvi popanda zigawo zinayi zoyamba. Ndipo lamulo la Yu Huiyong silikanafuna womasulira kuno, poti ngwazi yoposa ngwazi zonse tinali nayo, dzina lake lomwelo.

Beni pamabwalo amenewa ankasanduka perete wamba. Gule amene anabadwa kuti aseke mphamvu ankaguba pamaso pa mphamvu, ululu wake atauchotsa. Ndipo tisanamizane kuti zinatha ndi referendamu ya 14 June 1993 kapena chisankho cha 1994. Lisa Gilman, m'buku lake la 2009 lonena za amayi ovina pa misonkhano ya ndale, anaonetsa kuti nsalu zinangosintha mtundu, nyimbo zambiri n'kungosintha dzina la wotamandidwa.

Palinso mwini phwando wina amene sitimutchula kawirikawiri. Zisudzo zambiri zimene anthu a m'mbali mwa nyanja akhala akuonera kuyambira m'ma 1990 ndi zolipiridwa ndi mabungwe: za Edzi, za kolera, za maukonde oletsedwa, za maukwati a ana. Zolinga zake n'zabwino ndithu. Koma taonani kamangidwe kake. Munthu wa m'mudzi ndi mbuli, akuvutika chifukwa cha umbuli wakewo, kenaka akutulukira mlangizi wovala bwino, akufotokoza, onse akuvomera, nyimbo, basi. Mlangizi ameneyu ndi Dachun, kungoti wabwera pa galimoto ya bungwe. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sewero limene kalumo kamakhala ka mlendo nthawi zonse limaphunzitsa eni mudzi kudikira.

Njira ina inayesedwapo m'dziko momwe muno. Cha pakati pa zaka za m'ma 1980, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, momwe munali Chris Kamlongera ndi David Kerr, linagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde. Osewera ankafika pamene nkhani yavuta n'kutembenukira kwa oonera kuwafunsa chochita, ndipo anthu ankatsutsana pomwepo, ena mpaka kulowa m'bwalo. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, kufunsa munthu wamba maganizo ake pagulu sichinali chinthu chaching'ono. Kufooka kwa zisudzo zimenezo kunali kwakuti zinali zazifupi, zomangidwa pa vuto limodzi la chitsime kapena chimbudzi, ndipo nyimbo zinkangokometsera. Sizinafike pa msinkhu wa bambo woyang'ana mwana wake ali m'tulo.

Ndiye sewero loyimba la ku Chipoka lingamangidwe bwanji? Nkhani siyosowa. Ngongole ya Yang Bailao ife timaitcha katapila, ndipo makolo athu a ku Magomero ankaidziwa ngati thangata mpaka John Chilembwe anadzuka mu 1915. Kudinda chala pa pepala lomwe sukutha kuliwerenga si nthano yachilendo kwa msodzi waganyu amene wakongola kwa mwini ukonde nyengo ya mwera, nyanja itakana. Za amayi ogula usipa amene amauzidwa kuti ndalama yokha sikwanira, aliyense wa kunyanja anazimvapo. Wolemba atenge banja limodzi, ndi kanthu kamodzi kakang'ono kooneka ndi maso, kaya ndi nyali ya pabwato, kaya ndi chitenje chogulidwa pangongole. Kuyendetsa nkhani akupereke kwa wosimba nthano. Magulu awiri a beni opikisana akhale mbali ziwiri za mudzi, ndi maudindo awo onse ndi chipongwe chawo chonse, poti beni yekha ndi amene angavale yunifolomu ya wamphamvu n'kumuseka nayo. Amayi a chiwoda akhale gulu lovomera, ndipo nawo akhale ndi mlandu wawo, monga anthu a m'mudzi wa Xi'er. Za gule wamkulu wolemba ayende nazo mosamala, pokambirana ndi eni dambwe, chifukwa si zovala zongobwereka. Chimene angaphunzireko ndi luso lopanga munthu wodziwika pongomuona.

Pa zinthu ziwiri wolembayo asiyane ndi Atchaina. Choyamba, mwini ukonde apatsidwe nyimbo yake. Nayenso ali ndi ngongole ya injini ndi mafuta, nayenso amaopa nyanja. Kumumvetsa sikumukhululukira ayi, koma oonera amene amva nyimbo ya munthu amavutika kumuponya miyala, ndipo dziko limene laona anthu akuwotchedwa pongoganiziridwa kuba kapena ufiti liyenera kusamala ndi zisudzo zomwe zimatha ndi khamu lolusa. Chachiwiri, gawo lachisanu lisalembedwe ndi amene walipira. Likhale bwalo la milandu monga timalidziwira kwa amfumu, momwe mbali zonse zimalankhula, ankhoswe alipo, ndipo oonera a tsiku limenelo ndi amene agamule. Ku Chipoka angagamule mwina, ku Lilongwe mwina, ndipo kusiyanako kungatiuze zambiri za ife eni.

Ndikudziwa chimene a zisudzo ayankhe: ndalama zichokera kuti? Ng'oma, zovala ndi anthu makumi atatu sizidya mphepo. Funsoli ndi loona, ndipo mbiri yomwe tayendamoyi ili ndi yankho limodzi lokha lomwe silidalira mfumu, chipani kapena bungwe, lija la ku Venice mu 1637: wolowa alipire pakhomo. Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata anaonetsa mpaka imfa yake mu 1999 kuti Amalawi amalipira kuonera sewero lalitali la mu Chingerezi, ndipo a Kwathu anaonetsa zomwezo m'Chichewa. Oonera olipira nawo ali ndi zofuna zawo, amakonda kuseka ndipo sachedwa kutopa, koma iwo sakutumizira kalata yoti usinthe mathero. Magulu a beni a ku Salima akhala akudzisonkhera okha ndalama za yunifolomu kwa zaka zambiri popanda wowalembera pulojekiti. Wolemba wa m'tauni amene akufuna opera ya Chimalawi ayambe wakwera basi ya ku Chipoka, akakhale pansi ndi atsogoleri a magulu amenewa, akawafunse nyimbo zimene amayimba alendo olemekezeka akachoka.